Kandege Sikauluka Mofanana Chaka Chonse

Adzukulu anga, senderani kuno kumthunzi wa chigafa. Ndamva wina mwa inu akudzitama kuti juga singamugwire, poti amangoponya K200 pa mpira Loweruka. Sindikutsutsa. Koma wolankhulayo ndi munthu wa mu Okutobala, wothirira nazale, m'thumba muli mbee. Ndidzamumvenso mu Meyi, mabelo a fodya atadutsa ku msika wa Chinkhoma, foni italira kuti ndalama zalowa.

Ifenso tinkatchova makhadi kuseri kwa golosale pa Santhe. Koma juga yathu umachita kuiyendera, ndipo mayi a kunyumba akatuma mwana kudzakuitana, masewera athera pomwepo. Yanu ya pafoniyi imagona nanu pamphasa. Ndalama mwatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, kandege kobetcherako kanyamuka, tambala woyamba akulira mudakali maso.

Mwana wa mlongo wanga anabetcha zaka zitatu popanda vuto, timakobiri ta sopo basi. Chinamugwetsa n'kuwina. Tsiku lina anapata ndalama zoposa za belo lathunthu, belo limene ife timalivutikira kuyambira kufesa, kuwokera, kuthyola, kusoka mpaka kudinda pa jeke. Kuchokera apo khasu linayamba kumulemera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza n'kukwera, iye anati ndalama za matumba awiri azichulukitse kaye kuti zikwane anayi. Sanagule ngakhale limodzi.

Pofika Febuluwale sankabetchanso mokondwa ayi. Ankathamangitsa zomwe zinapita, ndi ndalama za katapila, fodya akadali m'munda koma atamugulitsa kale kwa vendala. Nkhope yake inali ya munthu amene akukumba mbewa pa una wopanda kanthu, koma akuopa kusiya poti wakumba kale patali.

Lamulo la 2022, lomwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira juga la MAGLA, limaletsa wosakwana zaka 18 kubetcha. N'zabwino ndithu. Komatu mnyamata ndikunenayu anali ndi zaka 34 ndi ana atatu.

Pano anatsika. Nyengo ya msika ikayamba mu Epulo, foni amasunga ndi mkazi wake, ndipo feteleza amagula sabata yomwe ndalama zalowa. Amandiuza kuti m'dzinja saikumbuka n'komwe juga, koma akangoona malole a mabelo akulowera ku Chinkhoma, zala zimayamba kuyabwa.

Dzuwa lapendeka ili. Tengani ndowa, nazale ikudikira.