Kodi Kubwezera Ndi Cikondi ca Tate?

Ambiri a inu acinyamata mumakonda mafilimu a malupanga. Tiyeni tiganizire pamodzi filimu ya ku Japan yochedwa Harakiri, imene Masaki Kobayashi anapanga mu 1962. Nkhani yake icitika mu 1630.

Hanshiro ndi samurai, ndiko kuti msilikali wa mfumu, amene nchito inamthera. Analera Motome, mwana wa bwenzi lake lomwalira, nampatsa mwana wake Miho akhale mkazi wake. Umphawi unawagwira. Miho anadwala, khanda lao Kingo linatentha thupi, ndipo ndalama za dokotala panalibe. Motome anapita ku nyumba yolemera ya a Ii napempha malo odzipherapo, poyembekeza kuti amumvera cisoni ndi kumpatsa kandalama. Iwo anamkakamiza kudzitumbula ndi lupanga lake lomwe, angakhale anaona kuti linali la nsungwi. Lacitsulo anali atagulitsa kale cifukwa ca banja lake. Patapita masiku ocepa Kingo ndi Miho anamwaliranso.

Hanshiro anabwezera. Anadula mfundo za tsitsi za amuna atatu amene anazunza mkamwini wake, manyazi oposa imfa kwa samurai. Pambuyo pake anapha anai m'nyumba ya a Ii. Mukaonerera, mtima wanu udzakondwa, ndipo wanganso umatero. Koma dzifunseni: kodi anacitira yani? Kingo anafuna mankhwala, osati mwazi wa munthu. Hanshiro mwini wake alidziwa bala limeneli. Pamene anaona lupanga la nsungwi pambali pa mtembo analira kowawa, pakuti iye anali nao malupanga ake acitsulo, ndipo maganizo akuwagulitsa sanamdzere konse. Mnyamata anataya ulemu wake kuti banja likhale ndi moyo. Mkulu anausunga mpaka banja linatha.

Sindikunena kuti akanangokhala cete. Asanasolole lupanga anakhala pabwalo nafotokoza nkhani yonse pamaso pa akulu a nyumbayo, monga Natani anacitira kwa Davide. Pamenepo ndimuona ali tate weniweni, wocotsa citonzo pa dzina la mwana. Kupha kuja sikunaonjezepo kanthu. Iye atafa, mlembi analamulidwa kulemba m'buku la nyumba kuti anthu ao anafa ndi matenda.

Pali cina coopsa koposa, pamene tate alowetsa mwana wamoyo m'mkwiyo wake. M'filimu yoyamba ya Lone Wolf and Cub, ya mu 1972, mkazi wa Ogami Itto waphedwa. Iye aika mpira ndi lupanga patsogolo pa khanda lake Daigoro. Likasankha mpira, adzalipha kuti litsate amai ake. Likasankha lupanga, liyenda naye njira ya kubwezera. Ena amati n'cikondi cifukwa sanamsiye mwana. Koma kodi khanda lokwawa lidziwa ciani? Linangotsata cinthu conyezimira, ndipo linakulira m'kangolo kobisamo mipeni.