Mfundo zofunika: sitima ya amishoni imene inapita kunkhondo

Ku Chipyela, pachilumba cha Likoma, pamene pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, dzina la Chauncy Maples silachilendo. Ndi la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895, komanso ndi la sitima imene amishoni a mpingo wa Anglican a UMCA anaipatsa dzina lake pomukumbukira. Mbiri ya sitimayi ili ndi zotiphunzitsa.

1. Ntchito yaikulu imafika pamapewa a anthu osatchulidwa. Sitimayi anaipanga ku Glasgow mu 1899, kenako anaimasula n'kuitumiza zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi, pamene ngalawa sizidutsa, zitsulozo zinayenda pamitu ya anthu. Boyila yake yolemera matani 11 anaikoka ndi amuna achingoni mazanamazana, tsiku ndi tsiku, mpaka kufika nayo kumtunda. Mu 1901 sitima inalowa m'madzi. Dzina la bishopu tikulidziwa, koma amene thukuta lawo linakhetsedwa panjirayo sanalembedwe. Tikamanyadira zakale, tiziwerengerako iwowa.

2. Nkhondo sifunsa kuti chinthu anachipangira chiyani. Chauncy Maples inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamodzi. Wansembe William Percival Johnson ankayenda nayo mudzi ndi mudzi m'mbali mwa nyanja, akuphunzitsa aphunzitsi ndi kuchititsa mapemphero m'sitima momwemo. Nkhondo itabuka mu 1914, boma la atsamunda linaitenga kuti izinyamula asilikali ndi katundu wawo kupita nawo kumpoto. Pamalo pamene anyamata ankakhala ndi masileti panadzaza mifuti ndi mabokosi a zipolopolo. Midzi imene inkadikira mankhwala ndi mphunzitsi inadikirabe. Kutayika kwa mtundu umenewu sikuwerengedwa pamene akuluakulu akuwerenga opambana ndi ogonja, komatu ndi kumene kumapweteka anthu wamba.

3. Lamulo lochokera kutali limadanitsa anthu odyera limodzi. Panyanja yomweyi, pa 13 Ogasiti 1914, sitima ina yankhondo ya Angelezi yotchedwa Guendolen inafika pa Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli, ku Tanzania. Inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza, n'kuiwombera ndi mzinga. Kaputeni Rhoades wa Guendolen ndi Kaputeni Berndt wa Wissmann anali mabwenzi. Berndt sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Anapalasa bwato kukafunsa mnzakeyo chimene chamugwira, ndipo anagwidwa ukaidi pomwepo. Kuyambira tsikulo nyanja inakhala m'manja mwa Angelezi. Mzinga wa Guendolen ulipo mpaka pano ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Odutsa ambiri amangojambulitsapo zithunzi. Ine ndikaganiza za mzingawo, ndimaona amuna awiri opanda chifukwa chilichonse pakati pawo, amene anadana chifukwa cha mkangano wa ku Ulaya.

4. Sitima zonsezi zinkayendera nkhuni. Popanda odula nkhuni m'madoko a m'mbali mwa nyanja, amalinyero osonkhezera moto ndi amtengatenga, palibe mzinga ukanafika kulikonse. Wogwira ntchito yooneka yonyozeka musamamupeputse.

5. Chakalamba sichinathe ntchito. Nkhondo itatha, Chauncy Maples inabwerera kwa amishoni. M'zaka za m'ma 1950 inagulitsidwa n'kumagwira ntchito ya usodzi, ndipo mu 1967 inakonzedwanso kuti izinyamula anthu ndi katundu, injini yake ili ya dizilo. Pambuyo pake inaimikidwa ku Monkey Bay. Panabwera ganizo labwino loisandutsa chipatala choyandama, kuti ibwerere kuntchito yake yoyamba, koma silinafike pamapeto.

Inu a ku Likoma, makolo ndi aphunzitsi, afotokozereni ana za sitimayi akamadutsa pa Chipyela. Ndipo boma ndi mpingo wa Anglican agwirizanepo chimodzi, dzimbiri lisanaimalize.