Kodi Dziko Lino Ndi Loto la Mlengi?

Munthu akagona tulo amalota. M'malotomo amaona ng'ombe, amaoloka mtsinje, amaceza ndi mbale wake amene anamwalira kale. Pa nthawiyo sakayika konse, ndipo zonse zimakhala zoona kwa iye kufikira tambala atalira. Podzuka amapeza kuti ng'ombe zija ndi mtsinje uja zinali m'mutu mwake mokha. Tsono pali funso limene labvuta anthu anzeru a maiko ambiri. Ngati munthu wamba akhoza kupanga dziko lathunthu m'mutu mwake usiku umodzi, kodi dziko lino la usana silingakhale maganizo cabe a Mlengi?

Funsoli ndi lakale. Ku China, zaka zoposa 2,000 zapitazo, mphunzitsi wina dzina lake Zhuangzi anasimba kuti analota ali gulugufe, ndipo podzuka anasowa kudziwa ngati iye ndi munthu amene analota gulugufe, kapena gulugufe amene alikulota munthu. Koma amene anailondola bwino nkhaniyi ndi George Berkeley, mbusa wa mpingo wa Anglican, wobadwira ku Ireland m'caka ca 1685. Iye anasindikiza buku la nkhaniyi mu 1710, ali ndi zaka 25 zokha.

Maganizo ake amamveka bwino ndi citsanzo ca nthoci yakupsa. Kodi munthu amadziwa ciani za nthociyo? Amadziwa kuti ndi yacikasu, yofewa, yonunkhira ndi yotsekemera. Zonsezi amauzidwa ndi maso, manja, mphuno ndi lilime, ndipo kuona ndi kulawa kumacitika mwa munthuyo, osati kunja kwake. Wina atacotsa cikasuco, kufewako, kununkhirako ndi kutsekemerako, pangatsale ciani? Anzeru ena a masiku amenewo ankati pamatsala cinthu cina cobisika cimene cimasenza maonekedwe onsewa. Berkeley anayankha kuti cobisikaco palibe anacionapo kapena kucigwira, ndipo kucichula ndi kuitana dzina lopanda mwini wake. Kwa iye zinthu ziripo cifukwa pali wina amene alikuziona ndi kuzimva.

Apa munthu wa kumudzi angafunse funso labwino. Kodi usiku, anthu onse atagona, cimanga ca m'nkhokwe cimasowa poti palibe wociona? Berkeley anati iai, pakuti alipo Mmodzi amene sagona. Cimangaco cimakhalabe cifukwa ciri m'maganizo a Mulungu, ndipo m'mawa Iye amacionetsanso kwa mwini nkhokwe.

Anthu ambiri anamseka. M'caka ca 1763, Berkeley atamwalira zaka khumi zapitazo, mlembi wochuka wa ku England, Samuel Johnson, anali kukamba nkhaniyi ndi mnzake James Boswell m'mudzi wa Harwich. Johnson anamenya mwala waukulu ndi phazi lake mwamphamvu, nanena kuti pakutero watsutsa ciphunzitsoco. Kunena zoona sanatsutse kanthu. Kulimba kwa mwala ndi kuwawa kwa phazi ndi zinthu zimene munthu amamva, monga momwe amamvera kutsekemera kwa nthoci, ndipo Berkeley sanakane kuti mwala umapweteka.

Komabe phazi la Johnson linagunda pa mutu weniweni wa nkhani. Mwala sumvera cifuniro ca munthu. Berkeley mwini anali atanena kale zimenezi. Munthu akhoza kutsinzina ndi kuganiza nkhokwe yodzaza, koma akatsegula maso masana sasankha zimene aone. Amaona nkhokwe monga iliri. Zamaloto zimasinthasintha popanda lamulo, ng'ombe nkusanduka bwato, koma za usana ziri ndi dongosolo lake. Wobzala cimanga sakolola mawere. Moto umene unaocha dzulo uochanso lero. Ndiponso loto ndi la munthu mmodzi, pamene cilala cikagwa mudzi wonse umaciona pamodzi.

Cotero colakwa ciri m'kamau kaja kakuti "cabe". Munthu akati dziko ndi maganizo cabe a Mlengi, amayesa maganizo a Mlengi ngati ake, amene amauluka ngati utsi. Koma ganizo limene munthu sangalisinthe, limene limakhala lomwelo kwa anthu onse mibadwo ndi mibadwo, lasiyana pati ndi cimene anthu amacicha coona? Kaya phiri linaumbidwa ndi dothi, kaya linaganizidwa, wolikwera amatopa cimodzimodzi.

Funsoli silinathe. Mu 2003 Nick Bostrom, mphunzitsi wa ku Oxford, analemba kuti mwina anthu ndi dziko lao ndi zopangidwa m'kati mwa kompyuta yaikulu ya anthu ena anzeru zoposa. Ndi nkhani yomwe ija itabvala malaya atsopano, ndipo umboni wake sunapezeke.

Nkhaniyi imalemera ikafika pa anthu. Pali ena amene amati za pansi pano ndi maloto, ndipo amanena motero makamaka pamene mnansi wao ali pa bvuto lofuna thandizo. Berkeley sanatero pa nthawi ya njala. Iye anakhala bishopu wa ku Cloyne mu 1734, ndipo m'zaka za 1740 ndi 1741, citapita cisanu coopsa, njala ndi matenda zinapha anthu ambirimbiri ku Ireland. Bishopuyo anathandiza osauka, nayesa kuciza odwala ndi madzi obviikamo phula la mitengo ya paini. Mankhwalawo analibe mphamvu imene iye anaikhulupirira, koma zioneka kuti njala ya anzake sanaiyese loto.

Pali mbali ina ya moyo wake imene siyenera kubisika. Ciphunzitso cake cinali cakuti ceniceni koposa zonse ndi mzimu umene umaona ndi kumva, ndiye kuti Mulungu ndi munthu. Koma kuyambira 1729 kufikira 1731, pamene anali kukhala ku Rhode Island, m'dziko la America, munthu yemweyo anagula akapolo akuda kuti amgwirire nchito m'munda mwake, naphunzitsa kuti ubatizo sumasula kapolo ku ukapolo wake. Anadziwa kuti anthuwo ali ndi mizimu, pakuti atatu a iwo, Philip, Anthony ndi Agnes, anabatizidwa mu 1731. Anawagulabe ndi ndalama monga munthu agulira khasu. Cifukwa ca nkhani imeneyi, m'caka ca 2023 sukulu ya Trinity College ya ku Dublin, kumene iye anaphunzira ndi kuphunzitsa, inacotsa dzina lake pa nyumba yake yosungiramo mabuku.