Kodi Kuulula Uchidakwa Nkudzichotsa Ulemu?

Ana athu ena amene adapita ku Ndirande ndi ku Bangwe kukafuna ntchito adakodwa ndi kachasu. Pa Ramadhani amaleka, koma Eid ikangodutsa abwerera. Wina amafunsa: poti Allah adandibisira tchimo, ndingakaliulule bwanji pagulu la anthu osiya mowa? Ine ndikuti apite. Choletsedwa nkunyadira tchimo. Wodwala kufotokoza matenda ake kuti achire palibe mlandu. Magulu monga Alcoholics Anonymous, amene adayamba ku America mu 1935, safunsa dzina la bambo, ndipo zokambidwa zimatsala momwemo. Akafunse achipatala ku Queen Elizabeth za gulu lapafupi. Inu makolo kunyanja kuno musamtemberere. Mtumiki (S.A.W.) adaletsa kutemberera munthu amene ankagwidwa ndi mowa kawirikawiri. Muimbireni foni, mumfunse ngati wapita.