Kodi Mtengo Ungaphunzitse Munthu Kudya Bwino?

Akatswiri a zachuma amagawa katundu m'magulu awiri. Pali katundu amene anthu amachepetsa kugula mtengo ukangokwera pang'ono, monga zakumwa zotsekemera. Palinso wina amene amagulidwabe ngakhale mtengo utakwera chotani, monga mchere ndi ufa. Kusiyana kumeneku kumadzutsa funso lovuta: kodi n'chilungamo kuti boma liwongole kadyedwe ka anthu pokweza kapena kutsitsa mitengo?

Dziko la Mexico lidaona mbali zonse ziwiri. Kumeneko chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi tortilla, mkate wopyapyala wa ufa wa chimanga. Mtengo wake utakwera mu 2007, anthu sadaleke kudya, koma adakhamukira m'misewu kukachita zionetsero, pakuti adalibe china cholowa m'malo mwake. Tsono mu 2014, pofuna kuchepetsa kunenepa kopyola muyeso ndi matenda a shuga, boma lidaika msonkho wa peso imodzi pa lita iliyonse ya zakumwa zothira shuga. M'chaka choyamba kugulidwa kwa zakumwazo kudatsika ndi magawo 6 pa 100 aliwonse, ndipo amene adachepetsa kwambiri adali mabanja osauka.

Otsutsa amati msonkho wotere umapweteka mmphawi, pomwe mwini chuma saumva n'komwe. Amatinso munthu wamkulu ali ndi ufulu wodya chimene mtima wake wafuna. Mfundozi n'zomveka ndithu. Komabe ufulu wosankha ngwachabe ngati chakudya chopatsa thanzi chili chodula kuposa chowononga thupi. Mayi amene akulephera kugulira ana ake zipatso, nawagulira zotsekemera zotsika mtengo, sadasankhe mwa kufuna kwake. Thumba ndilo lamusankhira.

Kutsitsa mtengo wa chakudya chabwino kulinso ndi mavuto ake. Boma likalipirako gawo la mtengo wa zipatso ndi masamba, olemera amene ankazigula kale amapindula nawo, ndipo ndalama imene munthu wapulumutsa angathe kukaguliranso zotsekemera zomwezo. Msonkho nawonso suyenda bwino pomwe pali njira yowuzembera. Dziko la Denmark lidaika msonkho pa zakudya zamafuta mu 2011, koma mu 2012 lidaganiza zouchotsa, mwa zina chifukwa anthu ankangowoloka malire kukagula zomwezo ku Germany.

Choncho mtengo umasintha khalidwe pokhapokha munthu akakhala ndi kwina kotembenukira. Kukweza mtengo wa chakudya chimene munthu sangakhale popanda icho n'kumulanga chabe. Koma kukhometsa msonkho pa zowononga thupi, ndalamazo n'kuthandizira kuti madzi abwino, nyemba, masamba ndi zipatso zifike kwa osauka, ndiko chilungamo. Boma lotseka khomo limodzi liyenera kuyamba latsekula lina.