Kodi Malovu Ndi Nkhani Yaing'ono?

Munthu amatulutsa malovu opitirira theka la lita tsiku lililonse, koma amawakumbukira pokhapokha akauma. Odwala khansa ya m'kamwa ndi ya pakhosi amazidziwa bwino zimenezi. Cheza cha radiotherapy chikamapha chotupa, chimawotchanso tiziwalo totulutsa malovu, makamaka tiwiri tatikulu ta kutsogolo kwa makutu.

Masiku ano kuwonongekako kumaoneka. Pa masabata 7 a chithandizo, zithunzi za CT kapena MRI zimaonetsa tiziwaloti tikufota, ndipo wodwala akamaonda, timasendera m'kati, kumene cheza n'champhamvu. Dokotala akaona zimenezi angakonzenso njira ya chezacho. Kafukufuku wa PARSPORT ku Britain mu 2011 anapeza kuti patatha chaka, 74 pa 100 alionse mwa olandira chithandizo chakale anali ouma kwambiri m'kamwa; mwa olandira chozemba tiziwaloti anali 38.

Kuno ku Bulawayo funso lake n'lowawa. Zipatala za boma zopereka radiotherapy m'Zimbabwe ndi Mpilo kuno ndi Parirenyatwa ku Harare, ndipo makina ake akhalapo nthawi yaitali ali owonongeka. Mu 2024 boma linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa pofuna ndalama za makina a khansa. Ndiye wina angati: anthu akufa pamzere, inu mukudandaula za malovu? Mphindi zojambulanso wodwala mmodzi ndi mphindi zimene wina akudikira.

Mfundo imeneyi ndimailemekeza, koma sindiivomereza yonse. Imabisa ganizo loti wosauka akapulumuka azingothokoza. Mayi wa ku Makokoba amene wachira, koma nsima, imene kuno amati isitshwala, siitsika popanda madzi pa mbamu iliyonse, mano akuwola, usiku akudzuka lilime litamatirira, ndipo ku kwaya anasiya, ameneyo wabwezeredwa moyo wopereŵera. Kuuma kumeneku nthawi zambiri sikutha.

Komabe chithunzi pachokha si chifundo. Kujambula kachiwalo kakufota popanda mpata wosintha chilichonse n'kungosunga mbiri ya kuwonongeka. Choncho pogula makina atsopano, ine ndingafunse ngati angathe kuzemba tiziwaloti, ndiponso ngati pali akatswiri okwanira okonzanso chithandizo pakati pa ulendo. Kumene zimenezi kulibe, patsala zotsika mtengo: kuonetsa wodwala kwa dokotala wa mano chithandizo chisanayambe, kumuuza zoona m'chinenero chake, ndi kumufunsa sabata iliyonse kuti, "Amayi, kodi nsima ikumezeka?"