Ufulu Wanga, Misozi ya Mphwanga

Loweruka lina madzulo mphwanga, mnyamata wa Folomu 2 amene ndimasunga pakhomo panga, analowa pabalaza nkhope ili ndwii. "Amalume, kompyuta yanu ija ndi yokanika. Anzanga onse alowa mu gemu, ine yandikana." Nditamufunsa kuti yamukana bwanji, anati pagalasi palembedwa kuti makina athu ngosaloledwa. Ndinaseka, koma kuseka kwanga sikunapite patali, poti ndinadziwa kuti wolakwa si mwanayo. Amene anasankha kuti kompyutayo ikhale momwe ililimo ndine.

Ndiyambe ndafotokoza kwa awerengi amene zinthuzi n'zachilendo. Kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa mapulogalamu ena onse. Anthu ambiri ali ndi Windows ya kampani ya Microsoft, koma ine yanga ndinaikamo Linux. Imeneyi anaiyamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali mwana wa sukulu pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo inadzalumikizana ndi ntchito ya GNU imene Richard Stallman analengeza ku America mu 1983. Kusiyana kwake n'kwakuti malangizo onse amene anaipangira ali poyera. Aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawirako mnzake popanda kuopa bwalo la milandu. Mtundu umene ndili nawo ine ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anautulutsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi lomwe lija kwathu kuno timati umunthu.

Ndinaikonda pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'cha m'thumba: kompyuta yanga ndinaigula yogwirapo kale ntchito, ndi nkhalamba, koma Linux imaiyendetsa bwinobwino. Chachiwiri n'cha mumtima: ndimafuna kumva kuti chinthu chimene ndinachigula ndi ndalama zanga n'changadi, palibe chipinda chimene mwini wake ndikuletsedwa kulowamo.

Kale kusewera magemu pa Linux kunali kutunga madzi ndi dengu. Kampani ina yotchedwa Loki inayesa kusamutsirako magemu kuyambira mu 1998, koma pofika 2002 inali itatseka zitseko. Zinthu zinasintha kampani ya Valve itabweretsa sitolo yake ya Steam pa Linux mu 2013, kenaka mu 2018 n'kutulutsa Proton, chida chomasulira magemu opangidwira Windows kuti ayende pa Linux. Chidachi anachimanga pamwamba pa Wine, ntchito imene anthu ongodzipereka akhala akuigwira kuyambira mu 1993. Mu 2022 kampani yomweyo inayamba kugulitsa kamakina kosewerera m'manja, Steam Deck, koyendera Linux. Lero magemu zikwizikwi amayenda popanda vuto.

Nanga gemu ya mphwanga inakana chifukwa ninji? Sikuti makina analephera ayi. Eni gemuyo sakutikhulupirira.

Nkhani yake ili motere. M'magemu amene anthu amapikisana pa intaneti muli akuba. Amaika timapulogalamu tachinsinsi towathandiza kuona mdani amene wabisala kuseri kwa khoma, kapena kulunjikitsa mfuti yokha popanda luso lililonse. Pofuna kuwagwira, makampani amatumiza mlonda, pulogalamu yofufuza zimene zikuchitika m'kompyuta ya wosewera. Alonda ambiri masiku ano safuna kuima pakhonde. Amafuna kukhala pamtima penipeni pa makina, pamene akatswiri amati kernel, pamene pulogalamu imaona chilichonse ndipo ingakhudze chilichonse. Tsono pa Linux mtimawo uli m'manja mwa mwini kompyuta. Angausinthe umo wafunira, ngakhale kuuphunzitsa kunamiza mlonda. N'chifukwa chake makampani ena amangotseka chipata. Gemu ya Valorant siyenda pa Linux chifukwa cha mlonda wake, ndipo kumapeto kwa 2024 eni gemu ya Apex Legends analetsa osewera onse a pa Linux, ati chifukwa cha chinyengo.

Apa m'pamene pagona funso limene landisowetsa tulo: kodi n'koyenera kuti munthu apereke kiyi wa nyumba yake kwa mlonda wa eni kuti aloledwe kusewera?

Poyamba yankho langa linali lachidule: toto! Taganizani, abale anzanga, mwapita pabwalo la bawo, anthu n'kukuuzani kuti musanakhale pansi mupereke kiyi wa kuchipinda kwanu, ndipo munthu amene nkhope yake simuloledwa kuiona azikagona m'menemo. Ndani angavomere? Komanso mlonda wa pamtima akalakwitsa, salakwitsa pang'ono. Pa 19 July 2024 pulogalamu yachitetezo ya kampani ya CrowdStrike, imene imakhala pamalo omwewo, inalandira malangizo olakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anaima, ndege zambiri osanyamuka. Imeneyo sinali gemu, koma mpando wake ndi womwewo umene alonda a magemu akuupempha.

Koma n'taganiza mofatsa ndinaona kuti makampaniwo nawo ali ndi mfundo. Pabawo ya pansi pa mtengo munthu sabisa nkhomo m'manja, osati chifukwa pali wapolisi, koma chifukwa pali maso a anzake, ndipo mawa adzakumana nawo pamsika kapena pamaliro. Manyazi ndiwo mlonda. Pa intaneti mdani wako ali kutsidya kwa nyanja, dzina lake n'lopeka, sudzamuona mpaka kalekale. Manyazi achokera kuti? Wakuba mmodzi amaononga madzulo a anthu ambirimbiri amene alipira ndalama zawo ndi kusewera moona mtima. Anthu amenewonso ali ndi ufulu wawo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wakuba wakhala pa mkhate wa ufulu wathu, ndipo makampani, potopa, aganiza zongouswa mkhatewo. N'zopweteka kwa ife osalakwa, koma sindingachite kunama kuti khosweyo palibe.

Ndiye panali mbali yachitatu, imene ndinkaithawa dala: mwana uja. Ufulu ndinausankha ndine, koma wolipira mtengo wake anali iye. Ine magemu ndimangosewerako mwa apo ndi apo, timagalimoto ta SuperTuxKart basi. Kwa iye gemu ija ndi bwalo limene anzake amakumanapo akaweruka, pamene amasekana ndi kupanga nthabwala zimene Lolemba amakazikamba kusukulu. Pomuletsa sindinamupatse ufulu. Ndinamuchotsa pagulu. Ndipo ndinadzifunsa: ngati ndikudana ndi kampani chifukwa imandisankhira chochita ndi makina anga, nanga ine ndikamusankhira mwanayu mosamufotokozera, ndasiyana nayo pati? Ife amene tinaona referendamu ya pa 14 June 1993 tiyenera kudziwa kuti ufulu wokakamiza munthu pakhosi umasanduka dzina lina la ulamuliro.

Ngakhale Stallman mwini wake, munthu wosagonja pa nkhani zoterezi, polemba mu 2012 za magemu otsekedwa amene ankabwera pa Linux sanapereke yankho la mbali imodzi. Anati magemuwo ngolakwika poti amamana wosewera ufulu, komabe anavomera kuti wowasewera pa makina aufulu ali bwinoko kusiyana ndi wowasewera pa makina otsekedwa konsekonse. Ngati mkulu ameneyo anaona kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ine ndine yani?

Chimene ndinachita n'chapakatikati, ndipo anzanga ena olimba pa chikhulupiriro andinena kuti ndagulitsa mtundu. Ndinagula disiki yachiwiri n'kuikamo Windows, yopanda kalata yanga ngakhale imodzi, yopanda chithunzi cha banja kapena nambala ya kubanki, ndipo zanga zonse za pa Linux ndinazitsekera ndi mawu achinsinsi. Mlondayo agone kumphala, osati kuchipinda kwanga. Kompyuta ikamayaka imafunsa kuti ilowere khomo liti, ndipo wosankha ndi amene wakhala pampando. Koma ndisanamupatse mnyamatayo ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse: chimene mlondayo amaona, chifukwa chimene anamuikira, ndi chimene iye akupereka posinthana ndi chisangalalocho. Walira mvula walira matope. Asankhe akudziwa.

Atamva zonse anati, "Ndiye kuti olakwa enieni ndi oberawo, eti amalume?"

Ndinati inde, poti iwo anatenga ufulu n'kuugwiritsa ntchito yolanda anzawo ufulu. Chikhala kuti anthu amasewera moona mtima ngakhale pamene palibe wowaona, bwenzi palibe kampani yopempha kiyi wa munthu. Kenaka ndinamufunsa, "Nanga iweyo, sunayambe waberapo?"

Anayang'ana pansi, chala chikukanda pampando. "Kamodzi kokha, amalume, pa foni ya mnzanga. Onse amatero."

Sindinamukalipire. Ndinangokumbukira kuti inenso, ndili msinkhu wake, ndinabisapo nkhomo ziwiri m'manja pabawo ya agogo, ndipo chimene chinandiletsa kubwereza chinali diso lawo. Ndinamuuza kuti ayatse makinawo, ndipo ndinakokera mpando pafupi kuti ndione m'mene amasewerera.